Mutu 6: Kapu Yobiriwira ya Bambo Douwe

1. Makina a m'kabati

Chaka chimene Renske Veenstra anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, bambo ake, a Douwe, anatuluka m'chipatala ali ndi chipsera chachitali pachifuwa. Madokotala anawachotsa kachitseko ka mumtima kamene kanatopa, n'kuikamo kachitsulo. M'nyumba mukakhala zii, kachitsuloko kankamveka kakugunda ngati wotchi ya pamkono.

A Douwe anali otsegula mlatho wa m'mudzi mwawo ku Friesland, dera lozizira la ngalande zikuluzikulu zoyendamo mabwato. Kwa zaka makumi awiri ankaukweza kuti mabwato adutse, uku akukalipira ana a njinga ofuna kuwoloka belu litalira kale. Tsopano ntchitoyo inali m'manja mwa wina. Munthu amene ankanyamula thumba la mbatatesi ndi dzanja limodzi ankapuma kawiri pokwera masitepe a m'nyumba mwake momwe.

Mayi ake a Renske anamwalira iye ali ndi zaka khumi. Choncho musadabwe kuti mtsikanayu ankachita mantha. Bambo akangotsokomola, iye mtima unkakhala m'malere.

Kuchimbudzi kwawo kunkapachikidwa kalendala yothothola tsamba limodzi pa tsiku, ndipo tsamba lililonse linali ndi mawu olimbikitsa. Ena akathothola amataya, koma Renske ankasunga. Tsiku lina mu Okutobala anathothola tsamba lakuti, "Thupi ndi munda, umakolola chimene wadzala." Analimata pa firiji.

Sabata yomweyo anapeza pafoni makanema a mayi wina wa mano oyera mbee, woseka nthawi zonse ngati kwawo sikugwa maliro. Mayiyu ankafinya masamba ndi zipatso, n'kumalumbira kuti kapu imodzi m'mawa uliwonse imatsuka magazi, imalimbitsa mtima, imabweza unyamata. Renske anaonera kanema woyamba, wachiwiri, mpaka wachikhumi. Kenako anakwera pampando, n'kutsitsa makina ofinyira zipatso amene mayi ake anawasiya pamwamba pa kabati.

Masamba sanali osowa. Banja lawo linali ndi kadimba kuseri kwa njanji, ndipo chomolia wa masamba opiringizika uja, amene amakoma chisanu chikamuwamba, anali tho. Renske ankathyola chidebe chathunthu, n'kuwonjezera apozi limodzi ndi kajinja, makinawo n'kulira ngati akudula matabwa. Chidebe chonsecho chinkatulutsa kapu imodzi yokha, yobiriwira biriwiri.

Tsiku loyamba a Douwe anaiyang'ana kapuyo, anainunkhiza, n'kuikankhira kutali.

"Iwe mwana, madzi awa watunga m'ngalande iti? Achule wawachotsamo?"

"Ingomwani, bambo. Mudzandithokoza kutsogoloku."

Anamwa atatsina mphuno. Chimwalirireni akazi awo, panalibe chimene mwanayu akanawakonzera n'kuchikana. Kuyambira tsiku limenelo, madzi a m'ngalande sankalephera m'mawa uliwonse, kunja kudakali mdima, Renske asanakwere njinga ya kusukulu.

2. Foni ya Lachiwiri

Chifukwa cha kachitsulo kaja, a Douwe ankamwa timapiritsi toyera toletsa magazi kuundana. Ankamwa 6 koloko madzulo, ndipo chiwerengero chake chinkalembedwa pakhadi. Milungu iwiri iliyonse, Lachiwiri m'mawa, namwino ankabwera kuholo ya m'mudzi kudzawabaya chala. Zinthu zikavuta, masana ake a ku ofesi yoyeza magazi ankaimba foni.

Patatha masiku khumi chiyambireni juwisi uja, foni inalira. Renske anali pasinki, akukwecha sefa ya makina ndi kaburashi, ndipo anamva zonse poti bambo ake foni ankaikweza mawu. Namwino ananena kuti magazi akhuthala kuposa mmene amafunira. Anafunsa ngati a Douwe anaiwala mapiritsi tsiku lina, ngati ayamba mankhwala ena, kapena ngati asintha zakudya.

"Kudya kwanga n'komwe kuja, mayi," anayankha a Douwe. "M'mawa buledi ndi tchizi, madzulo mbatatesi. Ndisinthe ndakhala mwana?"

Sanali kunama ayi. Kwa iwo chakudya ndi chimene munthu amatafuna. Chopita pakhosi ngati madzi sankachiwerengera.

Renske anapitiriza kukwecha sefa ija. Anaona ngati masamba si nkhani yoti n'kuvutitsira namwino. Pajatu safunsa anadya phula.

Namwino anawonjezera mapiritsi kuchoka pa awiri kufika pa atatu. Ulendo wotsatira magazi anali asanasinthe kwenikweni, ndipo anawafikitsa pa anayi. Ulendo wachitatu foni sinalire. Kunangobwera khadi latsopano lonena kuti magazi ali bwino, apitirize anayiwo, ndipo adzabwerenso pakatha milungu itatu.

Kusangalala kwake Renske tsiku limenelo! Anavina m'khitchini ndi masokosi okha. A Douwe nawo anayamba kuuza aliyense, kuyambira wophika buledi mpaka anzawo okhala pabenchi ya pamlatho, kuti m'nyumba mwawo muli dokotala wosafuna malipiro, ndipo madzi a m'ngalande awakonzera magazi.

3. Azakhali Aukje kudimba

Loweruka la sabata imeneyo kunali nkhungu yoti sungaone ng'ombe kutsidya kwa ngalande. Renske anafika kudimba ndi chidebe chake, n'kupeza azakhali ake Aukje ataima pakati pa mizere, manja ali m'chiuno.

A Aukje anali achemwali awo aakulu a Douwe. Anagwira ntchito zaka makumi atatu kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Anabwera kudzathyola chomolia woti apite naye kwa mwana wawo wamkazi, amene anali atangochira kumene kutali kummwera. M'malo mwa masamba anapeza mitengo yokhayokha ili njo. Poyamba anaganiza kuti ndi nkhunda, koma atangoona chidebe chija anadziwa kuti nkhunda yake ndi yovala nsapato.

Renske anafotokoza monyadira. Mpaka anatulutsa foni kuti awaonetse mayi wa mano oyera uja. Koma nkhope ya azakhali inkangosintha, ndipo atamva za mapiritsi anayi anakhala pansi pa bokosi la zida.

"Bweza foniyo m'thumba, undimvere," anatero. "Masamba awa si poizoni. Ine ndadya chomolia zaka sikisite, ndipo ndidakali pano kukusowetsani mtendere. Koma bambo ako si ine. Mapiritsi aja ntchito yake n'kuletsa magazi kuundana pa kachitsulo kaja. Masamba obiriwira ali ndi mphamvu yolimbana ndi mapiritsiwo. Mbale imodzi pa sabata si kanthu, a chipatala amadziwa kuti anthufe nthawi yozizira timadya chomolia. Koma iwe ukupanikiza chidebe chathunthu m'kapu imodzi, tsiku ndi tsiku. Ndani angatafune chidebe cha masamba m'mawa uliwonse? Ngakhale mbuzi ingapemphe tchuthi. Ndiye anthu aja akhala akuwonjezera mapiritsi osadziwa chimene akulimbana nacho. Mayi wako wa pafoniyo bambo ako amawadziwa? Anaona khadi lawo? Iye akaseka kanema watha, otsala ndi odwala ndife."

Renske anayang'ana pansi, misozi ili lengelenge. Ananena motsitsa mawu kuti ndiye asiya lero lomwe.

"Apo ndiye pali ngozi yeniyeni," anatero a Aukje, chala chili m'mwamba. "Usayerekeze kusiya wekha mwadzidzidzi. Anthu awiri akamakankhana chitseko, wina mkati wina kunja, mmodzi akangochokapo osanena, mnzakeyo amagwa chafufumimba. Masamba ako akukankha uku, mapiritsi anayi akukankha uko. Ukachotsa masamba, mapiritsiwo atsala okha, ndipo magazi a bambo ako asanduka madzi. Ndinaonapo ine ndi maso angawa. Kuntchito kwathu kunali bambo wina amene anangogunda mwendo pabedi, kagundidwe koti iwe sungakumbuke n'komwe, koma mwendo wonse unada bii. Ndiye Lolemba m'mawa, ofesi ikangotsegula, uimbe foni. Uwauze zonse, chidebe, masiku ake, osabisa kanthu. Iwo ndiwo anene kuti usiye liti ndi motani. Sakumenya, sakumanga. Angokuthokoza. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga."

A Aukje anafuna kupita okha kunyumba kukauza mchimwene wawo. Renske anawagwira mkono wa jekete, n'kuwachonderera kuti asatero. Anati bambo ake amuwerengere bwanji akamva kuti dokotala wawo uja ndiye amawaononga? Analonjeza kuti aimba yekha, ndipo akatero awauza yekha bambo akewo.

Azakhali anaganizira za ulendo wawo. Sitima yawo inali yonyamuka mawa lake m'mawa, ndipo kummwerako anali oti akakhalako milungu iwiri.

"Chabwino. Wakula, ndikukhulupirira," anatero. "Koma Lolemba ndidzakufunsa."

4. Liwu limodzi

Lolemba linafika ndi mvula yowaza. Renske anadzuka nambala ya ofesi ija ili kale m'foni. Potsika masitepe anamva bambo ake akucheza pakhomo ndi mnansi wawo. Ankamuuza kuti mkazi wake, amene ankadwaladwala, amutumize kwa Renske, chifukwa mwana ameneyu mutu wake ndi wa mayi ake.

Mawu amenewo anamulasa. Anabwerera m'khitchini n'kuyamba kudzinyengerera. Vuto si masamba? Ukachotsa masamba, vuto latha, ndipo palibe amene adziwe. Nkhani ya chitseko ija anaitenga ngati zoopseza za anthu akuluakulu.

Anafinya makaroti ndi maapozi okha. Juwisi anatuluka wofiirira, wotsekemera. A Douwe anamwa osatsina mphuno, n'kunena kuti achule asamuka ndipo asadzabwererenso.

Nthawi yopuma kusukulu, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa azakhali, wa liwu limodzi: "Waimba?"

Renske anauyang'ana mpaka foni inazima yokha. Anaiyatsanso n'kulemba liwu limodzi nayenso: "Ndaimba."

Ana inu, bodza lalifupi ndi limene limapita patali. Kulakwitsa koyamba kuja kunali kwa chikondi ndi kusadziwa, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Koma apa anali atauzidwa zonse, m'Chichewa chake tingati anachita kumutafunira.

Masiku asanu anadutsa popanda kanthu, ndipo Renske anayamba kupuma bwino. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapeza timadontho tofiira m'sinki ya kubafa. Bambo ake anati mswachi watsopano ndi wolimba ngati burashi yotsukira bwato. Lachitatu anawaona ndi banga lakuda pamkono, lalikulu ngati chikhatho, koma iwo sanakumbuke pamene anadzigunda. Lachisanu m'mawa anatuluka kamfuno, ndipo anathera theka la ola atatsina mphuno ndi kansalu.

Tsiku limenelo Renske sanamve chilichonse m'kalasi. Pa nthawi yopuma anakaima pamalo oimika njinga, nambala ili pagalasi la foni, chala chili pamwamba pake. Akanaimba, namwino akanafunsa kuti bwanji sananene kale. Akanaimbira bambo ake. Azakhali akanadziwa za bodza lija. Belu linalira, iye n'kudziuza kuti tsiku loyeza magazi ndi Lachiwiri lomweli, masiku anayi okha. Anabweza foni m'thumba n'kulowa m'kalasi.

5. Pamlatho

Loweruka kunacha kuli chisanu choopsa. Mvula ya dzulo lake inali itaundana pamsewu. A Douwe ananena kuti akukagula buledi. Renske anati iye akawagulira, koma iwo anakana, amvekere munthu sangakhale m'nyumba ngati mphaka.

Anabwerako patatha ola, buledi ali m'thumba, chipewa chili chonyowa mbali imodzi, akuseka okha. Anati njinga inaterereka pamlatho pawo pomwe paja, pamene anakhala zaka makumi awiri akuchenjeza ana kuti kukazizira azitsika. Mnzawo amene anawalowa m'malo ndiye anawadzutsa, ndipo nkhaniyi ikhala yoseketsa pabenchi mpaka Khirisimasi. Kumutu, pamwamba pa khutu, kunali kachotupa kochepa, kopanda bala.

Renske anati aimbire dokotala. Iwo anati dokotala wa chiyani pa kachotupa koti ngakhale mwana sangalire nako. Apanso mtsikanayu akananena zonse, koma anangowapatsa kansalu kozizira.

Masana anadya pang'ono, n'kunena kuti mutu ukuwawa. Anagona pampando wautali wa pabalaza. Cha m'ma 3 koloko Renske anawapangira tiyi n'kuwadzutsa. Anadzuka movutikira. Polandira kapu, dzanja lamanzere linangoti lende, tiyi n'kutayikira pakapeti. Mlomo unali utakhotera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera.

Foni imene inamukanika kwa masiku khumi ndi awiri anaiimba tsopano mosaganiza n'komwe. Ambulansi inafika dzuwa lisanalowe.

6. Funso la dokotala

A Aukje anali m'sitima yobwerera kwawo pamene Renske anawaimbira. Anafika kuchipatala cha mumzinda ndi sutikesi yawo yomwe, n'kupeza mtsikanayo ali yekha pabenchi. Anakhala pambali pake n'kumugwira dzanja.

Patapita nthawi kunabwera dokotala wamkazi, wamtali, wa maso otopa. Anafotokoza mosazungulira kuti magazi akukha mkati mwa mutu wa a Douwe. Kugwa kunali kochepa, koma magazi awo anali osungunuka kwambiri moti sakutha kudziletsa. Anali atawapatsa kale mankhwala obwezera, ndipo ankakonzekera kuwachita opaleshoni. Chimene sankamvetsa n'chakuti milungu iwiri ndi theka yapitayo magazi omwewo anali bwinobwino. Anafunsa ngati anamwa mapiritsi opyola muyeso, kapena ngati china chake chasintha m'kadyedwe kawo.

A Aukje ndiwo anayankha. Anati nkhani ya juwisi wa chomolia a ku ofesi yoyeza magazi akuidziwa, chifukwa mwanayu anawaimbira milungu iwiri yapitayo. Dokotala anayang'ana pa kompyuta yake ya m'manja, anatsitsa, anakweza, n'kupukusa mutu. Anati palibe chimene chinalembedwa, ndipo mapiritsi adakali anayi.

Onse awiri anatembenukira kwa Renske.

"Sindinaimbe, azakhali," anatero. "Masamba ndinangosiya ndekha. Lolemba lomwe lija."

Kenako zonse zinatuluka, za m'sinki, za banga la pamkono, za kamfuno. Dokotala sanamukalipire. Analemba msangamsanga, anati zimenezi zithandiza, n'kuchoka mothamanga.

Renske anadikira kuti azakhali amulalatire. Akanakonda akanatero, ngakhale kumuwomba mbama pamaso pa anthu. Koma a Aukje, mayi wosasowa chonena uja, anangokhala duu. Dzanja lake sanalisiye, koma linali ngati agwira chinthu chimene aiwala kuti achigwira.

"Wolakwa ndine," anatero pomaliza, osamuyang'ana. "Ndinasenzetsa mwana katundu wa munthu wamkulu, n'kukwera sitima."

Mawu amenewo anamupweteka Renske kuposa mbama. Analira mosadzigwira, anthu odutsa m'khonde n'kumayang'ana kumbali.

Namwino anabwera kudzawauza kuti angathe kuwaona a Douwe kwa mphindi imodzi asanalowe nawo. Anawapeza ali pabedi la matayala, tsitsi la mbali imodzi litametedwa kale, timapaipi tili m'mikono. Maso anali otsegula pang'ono. Ataona achemwali awo, anayesa kumwetulira ndi mbali ya mlomo imene inkagwirabe ntchito.

Renske anawerama n'kuwagwira phewa.

"Bambo, ndine. Pepani, bambo. Pali zimene sindinakuuzeni."

A Douwe anamuyang'ana mwaulemu, mmene ankayang'anira alendo odutsa pamlatho. Kenako anatembenuzira maso kwa achemwali awo, n'kufunsa mwachibwibwi.

"Aukje, mtsikanayu ndi mwana wa yani?"

Anamwino awiri anakankha bedi lija, zitseko zikuluzikulu zinatseguka n'kutsekekanso. Namwino amene anatsalira analozera a Aukje ndi Renske benchi, n'kunena kuti opaleshoni itenga maola atatu, ndipo asachoke pamenepo chifukwa dokotala akatuluka adzafuna wachibale woti alankhule naye.